Chulu cha Msulu ndi Msewu wa a Njati

Padangokhala, inu eni makutu, kalekale nyama zidakali kukhala mudzi umodzi ngati anthu. Mudziwo unadzaza moti wina akayetsemula m'nyumba mwake, womupepesa ankakhala wa nyumba inayo. Akuluakulu anaganiza zotsegula malo atsopano kutsidya kwa mtsinje, ndipo anasankha komiti yoti ikonze malamulo a kamangidwe. Wapampando anali Njati. Kapitawo woyeza mapoloti ndi chingwe anali Nyani. Dzina la mudzi watsopanowo analitchula asanafunse aliyense, ati Tagwirizana.

Komatu kutsidyako sikunali kopanda eni. Kunali Nungu, kunali Chule ndi dambo lake, kunali Nkhwali. Kunalinso Msulu, mayi wamasiye, amene ankakhala m'chulu chakale chomwe anachikonza yekha ndi zala zake. M'katimo munali ana ake atatu, akhanda osatsegula maso, ndipo mvula inali pafupi kugwa.

Tsiku lina m'mawa Msulu atatuluka kukasaka ziwala anapeza chikhomo chitakhomedwa pakhomo pake penipeni. Nyani anali poteropo, akukoka chingwe.

"A kapitawo, chikhomochi n'chachiyani?"

"Msewu, mayi. Udutsa pomwepa."

"Pomwepa pali nyumba."

"Pali chulu," anatero Nyani osacheuka n'komwe. "Koma musade nkhawa. Kuli msonkhano, aliyense akanena zakukhosi. Masiku ano sitichita zinthu mwankhanza ayi."

Msulu anakhulupirira, mayi wachisoni. Sanadziwe kuti msonkhano woitanidwa chikhomo chili kale m'nthaka ndi wongotayitsa anthu nthawi yolima.

Tsiku la msonkhano linafika. Akuluakulu anakhala pamipando pamthunzi, nyama zing'onozing'ono zinakhala pansi kumbuyo, dzuwa lili pamutu. Njati anaimirira n'kukonza kukhosi.

"Abale anga, mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake takuitanani kuti timve maganizo anu."

Atatero anayamba kutchula malamulo. Misewu ikhale yowongoka. Nyumba zonse zikhale pamzere, makomo kuyang'ana kumsewu. Kukumba una n'koletsedwa. Dambo likwiriridwe. Zulu zonse zisalazidwe, chifukwa zimanyansitsa mudzi.

Msulu anakweza dzanja. Njati anapitiriza. Atatha iye, Mvuu anaimirira kuthokoza Njati. Atatha Mvuu, Nyani anaimirira kuthokoza Mvuu chifukwa chothokoza bwino. Dzanja la Msulu linachita dzanzi lili m'mwamba, analisinthanitsa ndi linzake, nalonso linachita dzanzi. Kenaka Njati anabwereranso kudzatsendera, ndipo anakhala pansi.

Tsono mwambo mukuudziwa. Wamkulu akatha kulankhula umaomba m'manja, ngakhale akhale kuti wakutukwanira amayi ako. Tinayamwira zimenezi. Nyama zonse zinaomba, ndipo Msulu anangozindikira manja ake akuomba okha.

"Zikomo!" anafuula Njati. "Mwaomba nonse. Malamulo avomerezedwa."

Msulu anamva ngati wathiridwa madzi otentha. Anadutsa pakati pa miyendo ya nyama zazikulu mpaka anafika pamaso pa Njati, n'kugwada.

"Bwana Wapampando, ife taomba ulemu, sitinavomere."

"Manja sanama, mayi."

"Ndili ndi ana osatsegula maso m'chulu chija. Ndiwapititse kuti?"

"Aaa, madandaulo ali ndi tsiku lake. Tiitanitsa msonkhano wina. Ifetu timamvera anthu."

Msulu anabwerera kwawo mtima ukuwawa. Anagona pansi kuyamwitsa ana, ndipo anawaimbira kanyimbo kamene kanangomubwerera. Kanali kofunsa kuti ndani amayezera mnzake nyumba osamufunsa kumene amaloza mutu pogona, ndipo poyankhira pake pankadandaula za manja amene amanena zomwe pakamwa sipananene. Ana anagona, koma mayi wawo tulo sanatione.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kutacha Msulu anayendera anansi ake mmodzimmodzi.

"A Nungu, una wanu akuukwirira. Mwamva?"

"Ndamva, mayi, koma nanga titani?"

"Manja m'khwapa. A Chule, inunso. A Nkhwali, mapiko anuwo muwamange. Alankhule mpaka atope, ife osaomba."

Onse analonjeza. Pa msonkhano wachiwiri Njati analankhula, anatha, ndipo kumbuyo kunangoti zii. Anayang'ana Nyani, Nyani anayang'ana Mvuu. Kenaka Njati anamwetulira.

"Zikuoneka kuti alipo ali ndi mawu. Mayi Msulu, bwalo ndi lanu."

Msulu anaimirira ndi miyendo iwiri kuti aoneke.

"Zikomo, a Wapampando. Ine sindikana mudzi. Abwere anzathu, malo alipo. Koma mwatiuza kuti tonse timange nyumba za pamtunda. Ine ndimange ndi chiyani? Ndinabadwira m'chulu, amayi anga anabadwira m'chulu. A Nungu akagona pamtunda adyedwa. A Chule mukawachotsera dambo auma ngati chikopa. Msewu wanuwo ungokhota pang'ono, utalika bwanji? Kodi unalumbira kuti sudzakhota? Inu mwayeza malo ndi miyendo yanu, ndiye mukufuna tonse tiyende ngati njati!"

"Mawu anzeru!" anatero Njati akugwedeza mutu. "Mwamumva mayiyu? Izi ndiye timafuna. Amayi azilankhula pamisonkhano. Maganizo anu tawalandira ndi manja awiri. A kapitawo, anthuwa akhala padzuwa kuyambira m'mawa. Tabweretsani kanthu kaja."

Nyani anabwera ndi mtsuko wa thobwa lozizira bwino. Kukhosi kwa aliyense kunali gwaa. Chipanda choyamba chinapita kwa Chule. Chule anagwada, anaomba m'manja monga achitira mwana woleredwa bwino, n'kulandira. Nkhwali anatsatira. Nungu anayang'ana kumbali, kenaka nayenso anaomba. Posakhalitsa kumbuyo konse kunali phuphuphu.

"Taonani!" anatero Njati. "Ngakhale odandaula aja tsopano akondwa. Malamulo avomerezedwa kachiwiri."

Njira yonse yobwerera Msulu anali kukalipa.

"A Chule, mwasinthanitsa dambo lanu ndi chipanda cha thobwa!"

"Nanga ndikanalandira bwanji osathokoza? Ndine wopanda mwambo ine?"

"Mukanakana!"

"Kukana chakumwa cha akulu pagulu? Mayi, inunso muziganiza."

Chule sananame. Njati anawakola ndi ulemu wawo womwe, ndipo chimenechi ndicho chinamupweteka Msulu koposa. Madzulo anawaimbiranso ana kanyimbo kaja, kofunsa za woyezera mnzake nyumba, ndipo poyankhira anapaimba mwaukali.

Anapitanso kwa Njati, anaumirira, anachita phokoso pakhomo mpaka Njati analola msonkhano wachitatu kuti angothana naye. Ulendo uno Msulu anauza anzake kuti amwe madzi kunyumba mpaka mimba zitoti ndendende. Njati analankhula, kunali zii. Thobwa linabwera, linabwerera lili chidzalire.

Pamenepo Njati anasiya kumwetulira. Anatsitsa nyanga, maso ali psuu, n'kuyenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa nyama zing'onozing'ono.

"Alipo wotsutsa?"

"Ine," anatero Msulu.

"Inu munalankhula kale msonkhano wathawu, mayi. Apatseni mpata anzanu. Alipo wina?"

Nungu anayang'ana nyanga zija n'kuweramitsa mutu. Chule anameza mate. Nkhwali anayamba kutolatola pansi ngati waona mapira.

"Palibe. Wokhala chete wavomera. Nduna ya za malo, a Njovu, ibwera kudzatsegula mudzi wathu, ndipo makasu ayamba."

Ndiye taonani nkhanza zake. Ukaomba wavomera, ukamwa wavomera, ukakhala chete wavomera. Akanangobwera ndi makasu tsiku loyamba lomwelo bwenzi zili bwino, kusiyana n'kumuotcha munthu padzuwa katatu konse kuti adzanene kuti anafunsidwa. Msulu anafika kunyumba osaona njira chifukwa cha misozi. Anayamba kanyimbo kaja, koma pakati anasiya. Anakayambanso mofulumirirapo, akugunda phazi pansi. Anaona kuti kakuvinika ndithu. Anakhala tsonga, ndipo misozi inauma.

Kukana nsalu ya akulu n'kuviika. M'mawa mwake Msulu anafika kwa Njati atafunda nkhope ya munthu wogonja, n'kugwada patali.

"Bwana Wapampando, ndabwera kudzapepesa. Ndinali mwana."

"Ehee! Mwaona tsopano?"

"Ndaona, bwana. Ndiye ndimati, nduna ikubwera, tingailandire chimanjamanja? Mutilole ife akutsidya tikonze kagule."

Njati anakondwa mpaka mchira unagwedera. "A kapitawo, mwamva? Wovuta uja ndi amene akuvinira nduna. Uku ndiye kutukuka."

Tsiku lija linafika. Msulu anayamwitsa ana, anawagoneka m'chipinda chapansi penipeni, n'kupita kubwalo. A Njovu anafika mochedwa monga achitira akuluakulu, anakhala pampando waukulu, ndipo Njati anaimirira kuwalandira.

"Bwana nduna, mudzi uno dzina lake ndi Tagwirizana, ndipo si dzina chabe. Lamulo lililonse anthu analivomera okha. Kwathu kuno sitikakamiza. Munthu akaomba m'manja, chimenecho ndiye chidindo chake."

"Mwambo wabwino," anatero a Njovu. "Manja ndiwo chidindo. Ndikauzanso midzi ina."

"Tsopano, bwana, kagule pang'ono."

Chule anayamba ng'oma ndi kukhosi kwake. Nungu anagwedeza minga yake ngati maseche. Nkhwali anaimba nthungululu. Msulu analowa m'bwalo akudula chiuno, n'kuyambitsa nyimbo. Inali nyimbo yomwe ija yogonekera ana, koma tsopano yothamanga, yokoka mwendo. Ndime yoyamba inatamanda a Njovu, kukula kwawo ndi kuyera kwa minyanga yawo. A Njovu anamwetulira n'kuyamba kuomba m'manja motsatira ng'oma. Njati ataona bwana akuomba, anaomba koposa. Mvuu anaomba, Nyani anaomba, mipando yonse ya pamthunzi inaomba.

Apo Msulu anatembenuza mawu, ng'oma ili chilirire. Nyimbo inanena kuti chulu chilichonse chimene chili chiimire n'cha misulu pamodzi ndi bwalo lake, khasu lisachikhudze. Inanena kuti una wa Nungu ukhale, dambo la Chule likhale, msewu ukhote. Poyankhira pake panali pomwe paja pa manja onena zomwe pakamwa sipananene, ndipo akuluakulu anayankhira nawo mokweza, akuomba, thukuta lili kamukamu. Mawu sanawamve. Anali atazolowera kuti kanyama kakang'ono kakatsegula pakamwa, iwo amangodikira kuti katseke.

Msulu anakweza dzanja, ng'oma inaduka. Anagwada pamaso pa a Njovu.

"Zikomo, bwana nduna. Zikomo, a Wapampando. Mwaomba nonse."

"Taomba, mayi, gule wabwino," anatero a Njovu.

"Ndiye kuti mwavomera."

"Tavomera chiyani?"

Msulu anabwereza mawu a nyimbo ija pang'onopang'ono, popanda ng'oma. Njati anadzuka mpando n'kugwa.

"Bwana, ife timaombera gule! Kunali kusangalala chabe!"

"Ifenso tinkaombera ulemu," anatero Msulu. "Tsiku lina tinaombera thobwa. Sankhani chimodzi, a Wapampando. Ngati manja ndi chidindo, nduna yadinda. Ngati manja si kanthu, malamulo anu sanavomerezedwe ndi aliyense, ndipo mwainamiza nduna pamaso pa anthu."

Musaganize kuti a Njovu anamva chisoni ndi ana a Msulu. Ana a msulu n'chiyani kwa njovu? Chimene anaganiza n'chakuti nyama zonse zawaona akuomba, ndiponso zawamva akutamanda mwambowo ndi pakamwa pawo. Nduna singanene pagulu kuti manja ake ndi opanda pake.

"Ndadinda," anatero a Njovu mokwiya. "Chulu chili chiimire n'cha misulu, ndi bwalo lake lomwe. Dambo likhale, una ukhale. Wokhudza adzaonana ndi ine."

Nkhwali anaimba nthungululu yeniyeni tsopano. Chule analumpha mpaka kugwera pa Nungu n'kulira. Koma Msulu anaona kuti Njati sakutsutsanso, wangoti ndwii kuyang'ana pansi, ndipo Nyani akuzemba chakumbuyo kulowera kutsidya. Anathamanga osatsanzika.

Anapeza chulu chake palibe. Panali dothi lofiira losalazidwa bwino, ndipo Nguluwe ndi anyamata ake anali atakhala pambali akupukuta makasu.

"Mwachita chiyani? Muli ana m'menemo!"

"Ife tangogwira ntchito, mayi," anatero Nguluwe. "Anati tiyambe m'mamawa kuti nduna ikamadutsa ione chitukuko."

"Anakuuzani liti?"

"Kalekale. Msonkhano woyamba uja usanachitike n'komwe."

Msulu anagwera padothi paja n'kuyamba kukumba. Anakumba mpaka zala zinatuluka magazi, akuitana ana amene anali asanadziwe n'komwe mayina awo. Nungu anafika n'kukumba naye. Pansi penipeni dothi linabooka, ndipo munamveka kulira kosasa. Anawatulutsa mmodzimmodzi, onse atatu, fumbi lili m'kamwa ndi m'mphuno. Anawanyambita mpaka anayetsemula. Anali moyo, koma analibe pogona, ndipo kumwamba kunagunda bingu.

Gulu lonse linafika, a Njovu ali patsogolo, Njati akukoka miyendo pambuyo.

"Pepani, mayi," anatero Njati. "Kwachitika kusamvana pang'ono. Lamulo la nduna likunena za chulu chili chiimire, ndiye poti chagwa kale, nanga tingatani? Komiti ikhala pansi ione."

Msulu anaimirira ndi miyendo iwiri. Anafuna kumulumphira Njati pamphuno, afe ngati n'kufa. Koma ataimirira choncho anaona patali, poti anyamata a Nguluwe anali atasalaza zulu zonse ndipo panalibenso chotchinga maso. Kumapeto kwa msewu, pa poloti yaikulu kuposa zonse, nsonga ya chulu inali kusuzumira pamwamba pa mpanda wa bango.

"A Nguluwe," anatero Msulu mokweza kuti onse amve, "icho mwachisiyiranji?"

"Icho? N'cha a Wapampando. Anati chimenecho tisachikhudze, amakandirapo msana."

Nyama zonse zinatembenuka kuyang'ana Njati. Amene ankati zulu zimanyansitsa mudzi, amene anakwirira ana a mnzake amoyo, anali atadzisungira chake chokandira msana!

Msulu ananyamula mwana woyamba pakamwa, anadutsa mumsewu wowongoka uja, analowa pampanda wa bango, n'kumuika m'chulu. Anabwerera kudzatenga wachiwiri. Njati anamutsekera njira.

"Imeneyo ndi poloti yanga! Bwana nduna, taonani zimene akuchita!"

"Chili chiimire?" anafunsa a Njovu.

"Chili chiimire, bwana, koma..."

"Ndiye n'cha misulu, ndi bwalo lake lomwe. Mukufuna ndidinde kangati? Patukani."

Njati anapatuka. Msulu anadutsa ndi wachiwiri, anadutsanso ndi wachitatu, madontho oyamba a mvula akugwa. Atalowetsa womaliza anatembenuka n'kukhala pakhomo la chulu, mutu wokha uli kunja. Njati anaima kunja kwa mpanda wake womwe, mvula ikumutsika m'nyanga.

"Mayi Msulu, izi si zoona ayi. Malo anga mungatenge bwanji chonchi? Ine simunandifunse!"

Msulu anamuyang'ana kuyambira kuziboda mpaka kunyanga.

"Zimawawa, eti? Pitani mukakhale padzuwa, bambo. Ana anga akakula tidzakuitanani."

Analowa m'kati kukayamwitsa.

Yanga yathera pachulu pomwepo. Amene anakwirira mbatata paphulusa akafukule yekha, asadikire msonkhano.